Tulo ta Ankolo Merv

Ankolo Merv Tuckwell ankagona paliponse. Sindikunena zosinza pang'ono ayi, ndikunena tulo teniteni ta mkonono.

Anabwera kuno kumapiri kuchokera ku mishoni ya ku Sepik pamodzi ndi akazi awo a Glenys, itakwana nthawi yawo yodzasamalira ana a amishonale pa hositelo ya sukulu, poti makolofe timasinthana. Ankayenera kukhala teremu imodzi. Ana awo anamaliza sukulu, kukwatira, kubereka, iwo adakali pompano, chifukwa aliyense wodzawalandira ankathawa Khirisimasi isanafike. Inenso ndinakodwa chimodzimodzi, mawondo angawa ndi mboni.

Ntchito yake ndi yowawa. Makolo ali kutchire kumasulira Baibulo, iwe kuno ndiwe mayi, ndiwe nesi, ndiwenso wopha nsabwe. Tonse tinkatopa, koma a Merv okha sankabisa.

Tsiku lina akupempherera chakudya chamasana anati, "Atate, tikuthokoza chifukwa cha mbatata, mpunga, ndi…" Zii. Ana ali chitsinzinire, mbatata ikuzizira.

"Mzimu wawatsikira," ananong'ona mwana wina.

"Mzimu wanji? Agona awa," anatero a Glenys. "Nenani ameni mudye."

Podzidzimuka anangopitiriza, "…ndi nsomba zam'chitini," ife tikutsuka mbale.

Tinawayesa kuyimbira mpira. Anagona atatsamira mtengo wa golo, wezulo ili kukamwa, ikulira yokha ndi mkonono. Ikalira ana n'kuima, kukangana kuti walakwa ndani, n'kuyambiranso.

Ahedi anawaitana. "A Tuckwell, makolo a anawa anatikhulupirira."

"Ahedi, ine ndikatseka maso m'pamene ndimawamva bwino."

"Nanga ine mukundimva?"

Anali atagona kale.

Chaka china kamtsikana katsopano, Kerryn, kanasowa m'mawa sukulu itangotsegulira. Mitima inatithawa. Ena anathamangira kumtsinje, poti mvula inali itaudzaza, ine kumunda wa khofi ndikufuula mpaka mawu kusasa. A Merv anangoyenda pang'onopang'ono kupita kubwalo la ndege. Anakapeza katabisala kuseri kwa migolo ya mafuta ndi chikwama chake, kakudikira kandege ka mishoni kuti kazembere m'katimo kabwerere kwa amayi ake.

"Ukupita kuti, mwanawe?"

"Kwathu. Musandigwire!"

"Ndikugwire ndi mphamvu ziti? Nanenso ndikufuna kwathu. Sendera tidikire limodzi."

Anakhala pansi, mutu pachikwama chija, basi.

Kandege kanatera, kutsitsa katundu, n'kunyamuka. Ine pofika, thukuta lili kamukamu, ndinapeza Kerryn akuwaingitsa ntchentche ndi tsamba.

"Anti Noreen, musawadzutse. Atopa."

"Nanga bwanji sunakwere?"

"Agonera chikwama changa. Komanso akanatsala ndi ndani?"

Mwanayo sanathawenso, anamaliza sukulu pompano. Ndinawafunsa a Merv ngati analidi m'tulo tsiku limenelo.

"Noreen, zina usamafunse," anatero, uku akuyasamula.

Mtima utayamba kuwavuta anabwerera kwawo ku Toowoomba, ndipo chaka chathachi anatisiya. A Glenys anandiimbira foni.

"Ukhulupirira, Noreen? Afa ali maso, akukangana ndi nesi kuti tiyi wazizira."

Tinaseka mpaka tonse kuyamba kulira.

Makolo amene amabwera kudzasamalira ana masiku ano ndi achinyamata, amphamvu zawo, odziwa zambiri. Mwana akangoti fwe, amamuthamangira ndi mavesi ndi malangizo. Si oipa ayi. Koma Lamlungu masana, ana akatha kulankhula ndi makolo awo pa wailesi, amatuluka mmodzimmodzi n'kukakhala pakhonde, aliyense akuyang'ana kwake, ndipo palibe wamkulu amene amadziwa kungokhala nawo osanena kanthu. Ine ndimayesa, koma pakamwa pamandiyabwa. Ndimangodzuka n'kukatereka ketulo.