Mbaula ya Adona

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa kwa zaka zambiri, ndipo anzanga awiri omwe analipo tsikulo ndinawalumbiritsa kuti asamaitchule pagulu. Mmodzi anasunga lumbiro. Winayo amaifotokoza pa ukwati uliwonse, ndipo chaka ndi chaka amawonjezera mchere. Ndatopa nazo, bola ndiinene ndekha momwe inachitikira.

Munali mu 2006. Ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba ku Lewisham, shifiti ya maola thwelofu, nthawi zina masiku sikisi pa sabata. Amene munaigwirapo mukudziwa kutopa kwake, umafika pakhomo msana uli ngati wobwereka. Ndinali nditasamuka kanayi m'chaka chimodzi, kuphatikizapo miyezi iwiri pa sofa ya m'bale wina ku Ilford yemwe mkazi wake ankandiperekeza ndi maso ndikamatsegula filiji. Kenako Mulungu anandikumbukira. Ndinapeza chipinda kwa mayi wina wachikulire wa Chipwitikizi, wamasiye, m'nyumba yaukhondo, yofunda, yokhala ndi kabwalo kumbuyo, ndipo kuntchito ndinkangoyenda wapansi. Chipinda chimenecho ndinkachikonda kuposa abale anga ena, ndipo sindikuchita manyazi kunena.

Tsiku loyamba mayiwo anadzitchula kuti Dona Lurdes. Ndinaseka chamumtima kuti koma awa amadzimva, kudzitcha okha dona (ndinadzamva pambuyo pake kuti kwawo mayi aliyense wachikulire amatchulidwa choncho, ndipo kuti mawuwo ife ndi amene tinachita kubwereka). Basi ndinkangowaitana kuti Adona. Chingelezi chawo chinali chothyokathyoka, changa chinali cha kusekondale, koma tinkamvana. Komanso ine kwathu ndi ku Mulanje, kufupi ndi malire, ndiye ndinkadziyesa katswiri wa Chipwitikizi chifukwa chodziwa mawu obwereka kwa iwo ngati nsapato, kalata, chipewa ndi bakayawo. Ndikatchula bakayawo ankaseka mpaka misozi, n'kundipakulira mbale yodzaza. Kwawo kunali ku Algarve, kumwera kwenikweni kwa dziko lawo, m'mbali mwa nyanja yamchere.

Pakona pa kabwalo kaja panali chinthu. Chinali chadothi lowotcha, chofika m'chiuno, chopakidwa laimu woyera mbee, ndi timizere ta buluu m'mbali. Thupi lonse linali ndi timabowo todulidwa mwaluso, tina ngati masamba, tina ngati nyenyezi, ndipo pamwamba panali chivundikiro chosongoka chokhala ndi katambala. Anachikhazika pa njerwa. Tsopano inu amene munakulira kwathu, chinthu chadothi, chamabowo m'mbali, chokhala panja pa njerwa, n'chiyani? Musandinamize. Inunso mukanati ndi mbaula.

Komatu ndinafunsa. Izi ndimazibwereza kawirikawiri chifukwa pothawira panga ndi pomwepa basi. Tsiku lina Adona akuthirira maluwa, ndinaloza n'kufunsa kuti, "Adona, ichi n'cha moto?"

"Shamine," anatero akuchisisita. "Cha utsi. Cha bambo anga, ku Algarve."

Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Ndinangoti shamine ndiye mbaula m'Chipwitikizi, nkhani n'kuthera pomwepo. Zoti akunena chumuni sizinandifike n'komwe. Kwa ine chumuni ndi galasi la nyali, kapena zanjerwa zakuda bii zija zili pamadenga a mu London. Chumuni chokhala pansi, chovala zoyera ngati mkwatibwi, ndinali ndisanachionepo.

Linafika Loweruka lina lotentha kumayambiriro kwa Julaye, tsiku lomwe dziko la Adona linkasewera mpira ndi Angelezi. Iwo anavala sikafu yofiira ndi yobiriwira n'kupita ku Stockwell kukaonera ndi anthu akwawo. Ine ndinali pa ofu yoyamba m'masabata awiri, ndipo munthu wanzeru akanagona. Koma ndinali nditaona chimanga chachiwisi pamsika, mtima n'kuthawira kumudzi. Ndinagula chimangacho, nyama ya nkhumba ndi thumba la makala, n'kuitana anzanga awiri: a Phiri, mkulu wa kutchalitchi kwathu yemwe ankachita digiri yachiwiri ya uinjiniya ku Greenwich, ndi Mwansa, nesi wa ku Zambia yemwe analonjeza kubweretsa chowotchera nyama.

Mwansa anafika chimanjamanja.

"Boyi, driver akana," anatero akupukuta thukuta. "Akamba ati barbecue siingangene mu bus. Manje tizachita bwanji?"

Apa ndi pomwe Satana ananditembenuzira khosi kukona kuja. "Osadandaula," ndinatero. "Mbaula ilipo."

A Phiri anachizungulira kawiri, manja kumbuyo, akusuzumira m'mabowo. "Iyi ndi design yabwino kwambiri, achimwene," anatero. "Mwaiona ventilation yakeyi? Anthu akale ankaganiza. Koma a landlady analola?"

"Ndinafunsa. Anati n'cha utsi."

"Basi, kulibe problem."

(Munthu wochita digiri yachiwiri akavomereza, iwe wa satifiketi yosambitsa agogo ungatsutse chiyani?)

Tinachotsa chivundikiro cha katambala chija n'kuchikhazika pa kapinga. Titasuzumira, mkati munali mbee, mopanda ngakhale kadontho ka mwaye, komanso munalibe pokhazika makala. Munthu wabwinobwino akanaima pamenepo n'kudzifunsa kuti mbaula yanji yopanda pansi. Ife tinati vuto limeneli n'laling'ono. Tinadzazamo zidutswa za njerwa mpaka theka, tinathira makala, pamwamba n'kusanjika waya wa mu uvuni wa Adona.

Ndinene zoona, sindinaonepo moto woyaka bwino chotero. Osakupiza, osauzira. Mpweya unkalowa m'timabowo tija, utsi n'kumakwera mowongoka ngati nsembe ya Abele. Chimanga chinapsa mokoma mpaka ndinaiwala kuti mawa lake ndili ndi shifiti. A Phiri ankatafuna akufotokoza za kayendedwe ka mpweya wotentha, Mwansa akuti akabwerera ku Lusaka akaumbitsa yake. Tinasanjika nkhumba, n'kumaonera mpira kudzera pawindo la pabalaza.

Mpirawo unafika pa mapenate. Tonse atatu tinalowa m'nyumba, nkhumba n'kuisiya yokha pamoto ikudontha mafuta. Sindikudziwa kuti panapita mphindi zingati. Tinangomva kuti phwaa kumbuyo, ngati tayala laphulika. Titatuluka, malawi ankatulukira m'bowo lililonse, chinthu chija chili bii, ndipo mng'alu unali utayenda kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Ndinathamangira ndowa ya madzi. A Phiri anakuwa kuti, "Musathire madzi, achimwene!" koma anakuwa madziwo ali kale m'malere. Kunamveka kuti tswii, nthunzi kuti tolo, ndipo chidutswa chachikulu ngati chikhatho chinagwa pansi ndi nyenyezi zake ziwiri.

Nthawi yomweyo a Phiri anakumbukira kuti ali ndi kwaya. Mwansa anakumbukira kuti sanachape yunifolomu. Anandisiya ndekha, koma chimanga chotsala sanachiiwale.

Ndinayamba ndi sopo wotsukira mbale. Mwaye unangolowerera. Ndinatenga sitiliwulo, laimu n'kumasupuka pamodzi ndi timizere ta buluu tija. Kenako m'kashedi ndinapeza chitini cha penti yoyera ya zitseko, ndipo ndinapaka pamwamba pa mwaye wonyowa. Chinatuluka chotuwa ngati khoswe. Ndinabwezera katambala pamwamba, mng'alu ndinautembenuzira kumpanda, kutsogolo n'kukhazikako mphika wa maluwa. Nditabwerera m'mbuyo kuti ndione ntchito yanga, ndinadziwa kuti ngakhale wakhungu sanganamizike.

Adona anafika dzuwa lisanalowe, akuimba, poti kwawo anali atapambana. Atangotsegula chitseko nyimbo inaduka. Ananunkhiza, anadutsa m'khitchini osavula sikafu, anatulukira kubwalo. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, ndipo kukanakhala bwino akanatero. Iwo anangosuntha mphika wa maluwa uja, anatola chidutswa chomwe ndinabisa kuseri, n'kukhala pampando chili m'manja.

Ndinagwada pansi monga timachitira kwathu. Anandiyang'ana modabwa.

"Dzuka, mwana wanga," anatero. "Waphikiramo?"

"Ndimayesa mbaula, Adona. Munati n'cha utsi."

"N'chumuni. Chinali pamwamba pa denga la nyumba ya bambo anga."

Anafotokoza pang'onopang'ono, mawu ena akuwasowa m'Chingelezi. Anati kwawo nyumba zonse zinkakhala zoyera ndi zofanana, ndiye munthu ankadziwika ndi chumuni chake. Pasakhale ziwiri zofanana m'mudzi. Mmisiri akabwera sankafunsa kuti mukufuna chachitali bwanji, ankafunsa kuti, "Mukufuna chumuni cha masiku angati?" Wosauka ankati tsiku limodzi kapena awiri. Bambo awo anali mlimi wamba wa nkhuyu, koma anati masiku sikisi, ndipo mudzi wonse unawanena kuti apenga.

"Ndiye chinali choyera chonchija bwanji mkati?" ndinafunsa, poti pakamwa panga sipaphunzira.

"Sichinaonepo utsi. Chinali pamwamba pa khitchini ya alendo. Ife tinkaphika kunja, m'kanyumba ka uvuni. Amayi sanalolepo munthu kusonkha moto pansi pa chumuni chimenechi. Chaka chilichonse ankakwera okha padenga kukachipaka laimu."

Nyumbayo inagulitsidwa makolo awo atamwalira, ogula n'kuigwetsa kuti amange nyumba za alendo odzaothera dzuwa. Asanaigwetse, malemu amuna awo anakwera padenga n'kuchotsa chumunicho, anachikulunga m'mabulangete, n'kuyenda nacho pa galimoto mpaka ku London. Chinadutsa mayiko atatu osang'aluka. Cha makolo awo chomwe chinatsala n'chimenecho basi.

Apa ndinamvetsa, ndipo kumvetsako kunandipweteka kuposa manyazi. Amayi anga ali ndi mbale zamaluwa m'kabati zodikira mlendo wofunika, ndipo mpaka lero mlendo woyenera mbalezo sanabadwe. Wina atadyetseramo galu, sindikudziwa kuti maliro akanakhala a ndani. Ine ndinali nditachita zimenezo m'nyumba ya mayi yemwe ankandisungira chakudya ndikachedwa kuntchito.

Sabata yotsatirayo ndikaweruka ndinkakhala pabwalo, maso akulemera ndi tulo, kupala penti ya zitseko ija ndi kampeni. Adona ankakhala pampando akundilozera. Tinamata chidutswa chija ndi guluu, ndinasakasaka laimu mpaka ndinamupeza, iwo n'kujambulanso okha timizere ta buluu. Chinayera, koma mng'alu unkaonekabe ngati chipsera cha opaleshoni.

Kwathu kupepesa sikukhala kwa pakamwa pokha, ndiye Lamulungu ndinabweretsa nkhuku. Yamoyo mu Lewisham mungaipeze kuti? Ndinagula ya mufiliji, yolimba gwa, n'kuipereka ndi manja awiri. Adona anailandira, anaikazinga ndi tsabola wakwawo, ndipo tinadya limodzi patebulo. Mtima unayamba kukhala m'malo. Ndinati mlandu watha, munthu sangadye nkhuku yako n'kukusungirabe chakukhosi.

Titamaliza anapukuta pakamwa n'kuyang'ana kunja pawindo kwa kanthawi.

"Ndikufunse," anatero. "Utasonkha moto muja, utsi unkakwera bwino?"

Ndinaganiza zonama, koma sindinadziwe kuti bodza loyenera ndi liti. "Unkakwera bwino kwambiri, Adona. Mowongoka. Sitinakupize n'komwe."

Nkhope yawo inawala. Anamenya tebulo ndi chikhatho.

"Ndimadziwa ine! Anthu ankati n'chongokongola, sichingakoke utsi. Bambo anga anamwalira osadziwa. Masiku sikisi amenewo!"

Ndinaseka nawo, mpaka ndinayamba kudziona ngati ndathandiza banja lonse. Iwo anatolera mbale, anaziika musinki, ndipo ali chondifulatira anati, "Chipinda ndichifuna pakutha pa mwezi. Sindikukuda, mwana wanga. Koma ndikakuona, ndikumva fungo la nkhumba."

Sindinatsutse. Ndikanakhala ine, ndikanadzithamangitsa Loweruka lomwe lija. Ndinalongedza zikwama zanga ziwiri, ndinawapsompsona masaya onse monga amachitira kwawo, n'kuyambanso kuwerenga timapepala ta zipinda pamawindo a mashopu. Malo ngati amene aja sindinawapezenso mu London muno, ndipo mayi aja ndimawasowa mpaka lero.

Anthu amandifunsa kuti ndinaphunzirapo chiyani. Sindikudziwa ngati ndinaphunzira zambiri. Chomwe ndinganene n'chakuti kuyambira chaka chimenecho, chimanga ndimachita kuphika.