Mfundo ya Kansomba Kachitsulo

Lolemba

Kachewere wapsa ndi chiwawu, dimba lonse bii! Koma mwayi wandigwera. Alamu anga a Zakariya, mlongo wamng'ono wa amake Rozina, ndi msodzi kunyanja ya ku Songo. Ali ndi bwato, akusowa wachibale wowathandiza mpaka mvula yoyamba. Asankha ine.

Mayeso ndi amodzi okha. Andisiyira nayiloni ndi tinsomba tabodza titatu tachitsulo, tonyezimira, kamphete kumphuno, mbedza kumchira. Nyambo ya kwawoko ndi imeneyo, nyongolotsi akuti n'zachibwana. "Mukadziwa kumanga iyi n'kugwira nsomba ngakhale imodzi, Lamulungu tinyamukira limodzi."

Kamangidwe kake andionetsa kamodzi, zala zikuthamanga ngati akutongola chimanga. Ine kugwedeza mutu. Iwo ulendo pa shapa, minibasi ya kwathu kuno, wa ku Kalomwe kukagula katundu.

Zimene ndamangapo pamoyo wanga:
mbuzi,
matumba a nyemba,
denga la khola,
nkhumba yamoyo panjinga, kuchoka kuno ku Lifidzi mpaka ku merkado, msika wa ku Ulongwe, osagwa.

Ndiye kansomba kotalika ngati chala kandikanike ine?

Amake Rozina alengeza kale pachitsime kuti bambo akupita kunyanja. Ndayamba kuyenda mwausodzi.

Lachiwiri

Chisanu chothyola mano. Ndikuyamba ndi mfundo ya mbuzi, imene sinandichititsepo manyazi. Ndikuonetsa amake Rozina. Akuyang'ana, akuti, "Yalimbatu, bambo."

Kudziwe la kumunsi kwa madimba. Nayiloni ndakulunga pachitini monga amachitira alamu. Ndikuzunguza, ndikuponya. Vuuu! Kansomba kakuuluka bwino zedi, mpaka pakati penipeni, chubwi!

Ndikukoka. Kupepuka. Ndikukokabe. Chikubwera ndi chingwe chokha, kunsonga kutapotana ngati mchira wa nkhumba.

A Kalisito, oyandikana nawo dimba, aimika chothirira kabichi. "Mwaponya mwaluso, achimwene. Kabwerako kokha?"

Phunziro la lero: nayiloni si khonje. Imaterera ngati therere.

Tatsala tiwiri.

Lachitatu

Lero nzeru. Ndikuyeserera pakhonde ndi supuni. Mfundo pamwamba pa mfundo, ina pamwamba pake, mpaka chotupa ngati chitosi cha mbuzi. Kunsonga ndikuwotcha ndi chikuni, monga timachitira ndi chingwe cha ng'ombe kuti chisasasuke. Nayiloni yasungunuka yonse, supuni pansi. Chala chachikulu chapsa. Ayi ndithu!

Ndikumanganso, moto kutali, tsopano pa kansomba kenikeni. Kudziwe mfundo yagwira! Koma kansomba kakungozungulira m'madzi, chingwe chikupotana, chikupotanabe, mpaka chisa cha mpheta m'manja mwanga. Masana onse ndathera kumasula.

A Kalisito andipeza ndili pomwepo. Akuti msuweni wawo anakhalako ku Songo. Kutentha kwake nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Mvuu zimagubuduza mabwato. Ng'ona zimadziwa mlendo ndi fungo. "Anabwerako akuopa ngakhale madzi a m'beseni."

Ndaseka nawo kwambiri.

Kusambira sindidziwa. Alamu sanafunse, ine sindinanene.

Lachinayi

Chingwe chikakana, waya alipo. Ndabwereka alikate, chopanira waya, kwa wokonza njinga, ndadula waya pampanda wa nkhuku. Ndapota pakamphete monga timamangira chishalo chothyoka. Amake Rozina akuti, "Apa ndiye ngakhale ng'ombe singadule."

Kulimba kwalimbadi. Koma kansomba kaleka kusambira, kakungokwekwereka pansi ngati khasu. Nsomba yanzeru zake ingadye khasu?

Zimene ndagwira lero:
ndere,
chigubu chobooka,
theka la kabudula, mwini wake sindikumudziwa,
nkhanu imodzi, yomwenso yandiluma n'kubwerera kwawo.

Ndapsa mtima. Ndikuzunguza mwamphamvu kuti ndifike kuya. Kumbuyo kwanga kuli bulugamu, ndamuiwala. Kwapu! Kansomba kakola nthambi ya pamwamba. Ndikukoka, nayiloni ikuduka pamene yakumana ndi waya.

Kali pomwepo mpaka pano, kakunyezimira padzuwa. Ana a eskola akuima kukaona. A Kalisito akuti mwina ndigwira khwangwala.

Katsala kamodzi.

Lachisanu

Nkhani yafika paliponse. Aliyense wasanduka msodzi, anthu oti nsomba amaiona itauma kale pamsika.

Akatekisita: "Mangani katatu, n'kuchita chizindikiro cha mtanda."
Wokonza njinga: "Kola, bambo, guluu uja. Kola amagwira zonse."
A Kalisito: "Akuti umayamba walavulira mate." Zachibwana!
Apongozi aakazi: "Kodi nyongolotsi zatha m'dziko muno?"

Ine ndasankha chimene sichinagwiritsepo mwala munthu wa ku Angoniya: mphira wa chubu cha njinga. Umamanga makala, umamanga nkhuku, umamanga mpaka bedi. Ndalenga kachidutswa, mbali ina kukamphete, ina kunayiloni.

Ndikuponya. Kansomba kakodwa mubango lapafupi. Ndikukoka, mphira ukutamuka, ukutamukabe. Kenaka fwaa! Kakubwerera ngati mwala wa legeni. Ndikutembenuka kuti ndithawe. Kandipeza kumbuyo, pokhalira penipeni.

Ndabwera kunyumba chammbali ngati nkhanu ija, kazako, jekete langa, nditamanga m'chiuno. Amake Rozina achotsa mbedza ndi lumo. Mwayi, yalowa kwambiri m'buluku, m'thupi pang'ono chabe. Akusoka, mapewa akugwedezeka. Akuti n'chifuwa.

Ndagona chafufumimba masana onse, ndikuganiza. Ng'ombe ili pafupi kubereka. Rozina ali ndi pakati, mdzukulu wathu woyamba. Nyemba za kumunda wakumtunda sizinapunthidwe. Ndipo madzi a ku Songo akuti tsidya lake silioneka.

Ndikuopa. Basi ndanena.

Loweruka

Komabe mwamuna salephera asanayese komaliza. Ndakhala pampando, mbali imodzi yokha, ndikukumbukira zala za alamu. Kulowetsa pakamphete. Kuzunguliza kangapo. Kubweza nsonga. Kubweza kuti? Ndabweza pamene pandikomera. Amake Rozina akuyang'anitsitsa nthawi yaitali. "Mwakhoza, bambo."

Kudziwe kulibe munthu, a Kalisito apita kumaliro. Ndikuponya, ndikukoka pang'onopang'ono. Kansomba kakusambira! Kakugwedeza mchira ngati kamoyo!

Kenaka gwi!

Chinthu cholemera. Chikukoka, chitini chikufuna kundipulumuka. Msana wakuda ukuoneka pamwamba. Mlamba, waukulu ngati mkono wanga! Koma m'malo mokondwa, m'mutu mukungobwera mawu amodzi: ndikautulutsa, mawa ndili pa shapa.

Sindinasiye dala, Mulungu ndi mboni. Ndakoka ndithu ngati mwamuna. Wafika pafupi, ndevu zake ndikuziona. Basi chingwe chapepuka. Mfundo yamasuka yokha, mlamba wapita ndi kansomba komaliza kukamwa.

Ndakhala pansi, ndaiwala bala, ndadzukanso msanga.

Ndimayembekeza chisoni. Sichinabwere. M'chifuwa mwangoti pepuu, ngati ndatula thumba la chimanga pachigayo. Ndabwerera ndikuimba nyimbo ya Misa, n'kudzera kudimba kukaona pobzala kachewere wachiwiri. Pafupi ndi nyumba ndakonza nkhope kuti ioneke yachisoni.

Lamulungu

Titatuluka Misa, alamu afika. Ndawayalira zonse pamphasa: chitini, nayiloni yotsala, waya, mphira. Ndafotokoza mwadongosolo. Kansomba kamodzi kali pansi pa dziwe, kena mumtengo, kena kakuyenda ndi mlamba.

Aseka mpaka kutsokomola. Kenaka atembenukira kwa amake Rozina.

"Koma achemwali, nanga inu munali kuti? Nthawi ya nkhondo, tili ku Malawi, si inu munkamangira bambo athu mbedza ku Linthipe? Mfundo imeneyi anandiphunzitsa ndinu!"

Amake Rozina: "Ndinaiwala." Atuluka kukaona nkhuku, zomwe sizinawaitane.

Alamu akwera shapa ndi thumba la nyemba m'malo mwa ine. Akuti nyembazo mwina ziwathandiza kuposa.

Madzulo ndikuwapeza mayiwa pakhonde akulumikiza korona wawo wopempherera woduka ndi nayiloni yotsala ija. Kulowetsa, kuzunguliza, kunyowetsa ndi mate, kukoka ndi mano. Osayang'ana n'komwe! Ndayesa kukoka ndi manja awiri. Nga nga nga!

Sabata yonse akundiuza kuti yalimba.

Ndafunsa chifukwa. Akuti mlongo wawo sakanamukaniza pamaso, munthu wabwera ndi mtima wabwino. "Komanso inu mukanapita, chisanu chonsechi ine ndikanakangana ndi ndani?"

Ndimafuna kukwiya, mkwiyo wake osapezeka. Chala chapsa, buluku lili ndi chigamba, mudzi wonse ukunditcha msodzi wa m'mitengo. Zilibe kanthu. Usodzi watha.

Mawa m'mawa kudimba, awiri.