Jasi Langa Lili ku Derby

Lolemba
Fabiano Kachingwe! Ndiye anandilanda jasi. Mwana wanga Grace akundionetsa pafoni chithunzi cha mpingo wa ku Derby, ndipo uyo, wadazi, mzere wakutsogolo. Wavala jasi langa!

Ndinaligula ku Jeremani ya Kummawa, tikugwira limodzi ntchito mufakitale ya nsalu, ife anyamata a ku Lizulu olowera pa mapepala a Mozambiki. Ndinaima pamzere m'chisanu mpaka zala kufa. Khoma logawa Jeremani pawiri litagwa, iye akuti ndibwereke, ndikangosuzumira tsidya linalo, mawa ndabwera. Mawa lake mpaka lero. Fakitale inatsekedwa, ine anandikweza ndege ndi shati yokha.

Loweruka kuli chinkhoswe ku Normanton, ku Derby komweko, ndipo iye akakhalako. Ndikalitenga.

Lachiwiri
Zofunika:
mboni
mawu omuchititsa manyazi pagulu
khadi la basi (lili kuti?)

Mboni zonse zinamwalira. Ngakhale dziko limene linasoka jasilo linamwaliranso. Koma mayi woyandikana nafe kuno ku Braunstone ndi wa ku Poland. Akuti: "Kwathu tinkayamba taima pamzere, kenako n'kufunsa chomwe akugulitsa." Ameneyu akudziwa! Wavomera kupita nane.

Lachitatu
Ndikuyeserera mawu kukhitchini, mpando ndiye Fabiano. Mpando ukugonja. Grace wagwira ntchito usiku, akukuwa ali kuchipinda: "Ababa, khoti lanulo kachitireni panja!" Panja kukugwa mvula. Mlandu waimitsidwa.

Lachinayi
Mboni yathawa. Akuti Loweruka aipatsa shifiti.

Kumsika wa ku Belgrave nthochi zili mbwee, palibe woziyang'ana. Chaka chija khoma litagwa, azungu a ku Jeremani ya Kummawa ankakanganirana nthochi ngati nyama ya pamaliro, ine ndi Fabiano tikugwa ndi phwete. Ayi, za kuseka naye sindikuziwerengera.

Lachisanu
Grace wandigulira jasi latsopano kuti nkhani ithe. Lopepuka ngati pepala. Ndikuliyesa kuti ndilinyoze. Ndi lofunda. Chipongwe chenicheni! Khadi la basi lapezeka m'Baibulo.

Loweruka
Holo yadzaza. Ndikuimirira, ndikukonza kukhosi. Ndisanatsegule pakamwa, Fabiano wandikumbatira, misozi chuchuchu. "Achimwene! Muli moyo!" Akuvula jasi lija, akundiveka yekha, akutembenukira kwa anthu: "Ili ndinalivutikira pamzere nthawi ya Chikomyunizimu, koma lero ndikumupatsa mnzanga wakale."

Nthungululu! M'manja! Abusa akuti tonse titengere chitsanzo kwa bambo Kachingwe. Mabatani sakukumana pamimba. Wina wandiuza kuti ndithokoze. Ndathokoza. Ine!

Mpunga unali wabwino.

Lamulungu
Jasi lili m'shedi, Grace walikana m'nyumba chifukwa cha fungo. Ulusi sunaduke ngakhale umodzi. Boma linagwa, batani silinagwe.

Kutchalitchi ndavala latsopano lija. Fabiano waimba foni kawiri, akuti Lachitatu abwera tidzamwe tiyi, ndipo akufunsa ngati angabwerekeko jasi lakalelo, ku Derby kukuzizira. Alitenge. Tiyi ndimupatsa, ndi nthochi yomwe.

Koma ndisanatsikire kuli chete, adzaime pamaso pa anthu omwe aja, Abusa ali pomwepo, anene mokweza kuti amene anaima pamzere uja ndine.