Sipanala ya a Chepetsani

Petulo akakwera mtengo, ena amatukwana, ena amangopukusa mutu n'kupisa m'thumba. A Chepetsani ankatenga sipanala. Wailesi ikangolengeza mtengo watsopano, bamboyu ankatuluka panja, n'kuzungulira takisi yawo kawiri, kenako n'kumasula chinthu chimodzi. Ankati galimoto yopepuka imamwa pang'ono. Dzina lija linabadwira pamenepo, ndipo lenileni ngakhale achibale analiiwala.

Amene anazunzika ndi nzeru zimenezi ndi mkazi wawo, mayi wosoka zovala kumsika. Mayiwa anali ndi bondo lovuta, losapindika bwino, ndipo msika uli pamwamba pa chitunda. Popanda mpando wakutsogolo wa takisi ija, ntchito yawo ikanathera pomwepo. Choncho tsiku limene a Chepetsani anazula wailesi ya m'galimoto, ati chifukwa ndi imene imabweretsa uthenga woipa, mayi anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Bambo, zimenezi zidzathera pati?"

"Mayi, ine ndi eni mafuta tili pankhondo. Iwo akawonjezera, ine ndichotsa. Tiona amene atope."

"Iwowo akukudziwani?"

"Kwambiri. Ndikachepetsa lita imodzi, kulikulu kwawo amaitanitsa msonkhano."

"Chabwino. Koma mpando wanga musadzaukhudze."

"Chilichonse chichoka, mpando wanu ayi. Ndalonjeza."

Mayi sanakhulupirire. Mwamuna wawo ankamudziwa, ndipo eni mafuta ankawadziwanso. Anthu amenewa, abale, sachita manyazi. Mafuta akakwera kunja, kuno amakweza tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke. Akatsika, amakuuzani kuti akugulitsabe akale. Akalewo satha, koma mtengo ukakwera ndiye amasowa ngati auma m'thanki.

Ndiye zinthu zinayamba kuchoka. Mabampala onse awiri, makapeti, jeke, chitseko cha buti. Tayala la sipeya linapita miyezi ya mvula. Sabata yomweyo tayala linaphulika atanyamula aphunzitsi ena amene ankathamangira kukayang'anira mayeso.

"Adalaivala, sipeya ili kuti?"

"Ili kunyumba, ikupuma."

"Nanga ine nditani?"

"Inu muli ndi miyendo iwiri, aphunzitsi. Ine ndatsala ndi itatu."

Mipando yakumbuyo inatsatira. Anaiika pabalaza, ndipo alendo obwera kunyumba ankakhala pamenepo, ena mpaka kufufuza lamba. M'galimoto anayalamo makatoni. Anthu ankakwerabe, pajatu anzawo onse a takisi anali atakweza mitengo kangapo koma a Chepetsani ayi. Ankati akakweza ndiye kuti alembedwa ntchito ndi kampani yamafuta, yowatolera ndalama kwa amayi ogulitsa tomato.

Kungoti kukwera takisi imeneyi kunali ndi malamulo. Potsetsereka injini inkazimitsidwa. Pokwera chitunda aliyense ankauzidwa kuti aweramire kutsogolo. Achimwene awo aakulu, bambo wonenepa bwino, anabwera tsiku lina masana kuti awaperekeze kubanki. A Chepetsani anawayang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Achimwene, mwadya kale?"

"Eya, bwanji?"

"Mukanakwera musanadye."

Achimwene anakwiya mwezi wathunthu, ndipo mayi ndi amene anapita kukapepesa.

Kothirira mafuta nakonso ankawadziwa. Mayi wogwira pampu akawaona akubwera ankayamba kuusa moyo. Akatha kuthira, a Chepetsani ankamuuza kuti akweze payipi m'mwamba ndi kuigwedeza.

"Muli zanga m'menemo, mwana wanga. Ndalipira mpaka dontho."

"Bambo, ine sindikweza mitengo. Ndimangogwira payipi."

"Ndiye ndiitanireni amene amakweza."

"Sindinamuonepo."

"Abwana anu?"

"Nawonso amangolandira uthenga pafoni."

Chimene chinkawapweteka kwambiri n'chimenecho. Munthu akakubera pamsika umamugwira malaya. Uyu alibe malaya, alibe nkhope, alibe khomo loti ukagogode. Umangokalipira mwana wa eni amene nayenso wabwera kuntchito wapansi.

Kamodzi kokha mtengo unatsika, pang'ono ngati kutsina. A Chepetsani anavala jekete, n'kubwezeretsa bawuti imodzi mwaulemu wonse. "Ayamba kufooka," anauza mkazi wawo. Patatha masabata awiri petulo anakwera kuposa kale, bawuti ija inachoka, n'kutenganso magalasi akumbuyo.

Mayi ankangowerenga zotsala. Nyumba inadzaza zitsulo, pansi pa bedi panalibenso malo a nsapato, ndipo m'galimoto munatsala chiwongolero, injini, ndi mipando iwiri. Mmawa wina akumwa tiyi, wailesi ya m'nyumba inalengeza zimene imalengeza. A Chepetsani anaika kapu pansi, n'kutenga sipanala.

Mayi anatchera khutu. Anamva chitsulo chikulira panja, bawuti yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Mtima unawawa. Zaka zonsezi akupirira, kupepesa achibale, kupunthwa pa mabampala m'nyumba mwawo momwe, lero munthu akuthyola lonjezo limodzi lokhalo. Anakonza mawu onse oti anene, ena oti sanawanenepo chikwatiwire, n'kutuluka akutsimphina.

Mpando wawo unali pamalo pake. Wa dalaivala ndi umene unali pansi, ndipo a Chepetsani anali atakhala pa chidebe chovundikira, akuyesa ngati mapazi akufika pa buleki.

"Ndinalonjeza wanu," anatero. "Wanga sindinalonjeze. Kwerani, mukuchedwa."

Mayi anakwera. Mawu aja anabwerera nawo m'mimba.

Eni mafuta sanaitanitse msonkhano uliwonse. Patangotha mwezi anakwezanso. A Chepetsani anazungulira galimoto kawiri, katatu, kanayi, sipanala ili m'manja, koma chomasula panalibe. Tsiku limenelo atafika m'munsi mwa chitunda cha kumsika, anazimitsa injini n'kutsika. Dzanja limodzi linagwira chiwongolero kudzera pawindo, phewa linatsamira chitseko, n'kuyamba kukankha.

"Bambo, mukutani?"

"Cholemera chimene chatsala ndine."

"Lizani injini. Anthu akutiona."

"Ationa. Chitunda ichi ndi chimene chimamwa mafuta."

Mayi anachonderera masiku onse otsatira. Anati akweze mtengo ngati anzawo, palibe amene angawadzudzule. Anati achotse mpando uja, iwo aziyesa kuyenda. A Chepetsani anangoti nkhani ya mpando inatha kalekale. Munthu wa imvi, mmawa uliwonse thukuta kamukamu, akukankha mkazi wake kukwera chitunda. Anthu poyamba ankaseka, kenako ena anayamba kuthandiza, koma sikuti tsiku lililonse pamapezeka wothandiza.

Sabata yachitatu, atafika pamwamba, anakoka handibuleki n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu. "Ndipumeko pang'ono, mayi." Sanadzukenso. Kuchipatala adokotala anati ndi mtima. Mayi anati alembe zimene akufuna, koma iwo akudziwa chimene chawaphera mwamuna.

Tsiku loika maliro, mwini galimoto yonyamula bokosi anabwera n'kunena kuti mtengo umene anagwirizana wasintha, petulo wakwera dzulo. Mayi ndi amene anamuyankha.

"Bwererani nayo galimoto yanu."

"Nanga malemu apita bwanji, mayi?"

"Ali nayo yawo."

Bokosi linalowa m'takisi muja ngati anachita kuyeza, pajatu munalibe chotchinga. Achimwene aja anakhala pa chidebe n'kugwira chiwongolero, misozi ili mbwembwembwe, akunena kuti lero sanadye. Mayi anakhala pampando wawo. Kumbuyo kunali amayi a tomato, aphunzitsi aja, madalaivala anzawo, onse manja pagalimoto. Podutsa pothirira mafuta, mayi wa pampu anakoleka payipi, n'kusiya mzere wa magalimoto ukuliza mahutala, n'kubwera kudzakankha nawo. Injini sinalire mpaka kumanda. Ulendo umenewo kampani sinapezepo ngakhale dontho.

Chichokereni a Chepetsani, petulo wakwera kawiri. Wailesi ikalengeza, anthu a mumsewu uja amapezeka atchera khutu kudikira kulira kwa sipanala, kenako amakumbukira, n'kupisa m'thumba ngati wina aliyense. Kutukwana kulipo, koma kulibenso amene amayankha eni mafuta. Mayi anasamutsira makina awo osokera pakhonde la nyumba, ndipo takisi ili pabwalo, matayala ataphwa. Masana bondo likawawa amapita kukakhala pampando uja, chitseko chili chotsegula.

Achimwene anabwera tsiku lina n'kuwapeza ali momwemo. Anaona sipanala pa chidebe, n'kuitola.

"Alamu, dzuwa likukupwetekani muno. Bwanji ndiumasule mpandowu, tiulowetse m'nyumba?"

"Ibwezeni pomwe mwaitenga, alamu," anatero mayi. "Eni ake sanauchotse."