Makobidi a pa Denga la Apongozi

Che Mussa, imitsani kaye makina osokerawo, akundisokoneza mutu, ndipo inu nonse amene mwathawira dzuwa pakhonde la sitolo ino senderani kuno, chifukwa ndamva kuti muno mu Zomba muli anthu ena amene akumati a Likaka ndi abodza. Ine wabodza? Ine amene ndinagwira umesenjala m'maofesi a boma likulu lisanasamukire ku Lilongwe, osataya ngakhale kalata imodzi? Wokayika abwere agwire phewa ili aone mmene linapindikira, kenako andiuze ngati bodza limathyola fupa. Mwezi uno ndakwanitsa chaka chiyambire kutolera ndalama zakale, ndiye ndikuuzani mmene ndayendera kuchokera poyamba.

Zinayambira pompano, Januwale wathayu. Mayi wina wogulitsa nthochi ankakala mayunitsi a foni ndi kandalama kakuda bii, ine kuyang'anitsitsa, ndikuona ndi kobidi lobowola pakati lija, la njovu ziwiri, la nthawi ya Chitaganya, limene tili ana tinkagulira zitumbuwa mpaka mimba kuuma. Mwini sitolo ino ataliona anandiuza kuti kunja kuli anthu amene amasunga ndalama zotere m'mabuku ngati zithunzi za ukwati, ndipo amapatsidwa ulemu ngati maprofesa. Ndinati basi, ntchito yanga ya paukalamba ndaipeza. Mayi uja ndinamupatsa chotsegulira mabotolo kuti azikalira mayunitsi akewo, kobidi n'kulowa m'thumba mwanga.

Kunyumba ku Mbedza sanandiombere m'manja. Mayi a kwathu, make Eneresi, analitembenuza kawiri n'kunena kuti ndalama yosagula ngakhale machesi ndi chitsulo basi, ndipo ngati ndasowa chochita ndikapalire chimanga. Pajatu nyumba imene timakhalamo anamanga ndi malemu bambo awo, ine ndine mkamwini wa zaka makumi anayi, ndipo kwathu ku Phalombe ndilibe ngakhale khola la nkhunda. Ndinangotenga chitini cha mabisiketi, n'kuponyamo kobidi langa, n'kuchibisa pansi pa bedi.

Tsono chimene simukudziwa n'chakuti ine ndili ndi khutu. Ndalama ikagwa ku depoti ya basi ine ndili ku Mbedza, ndimadziwa kuti ndi ya mtundu wanji ndiponso yagwera mbali ya mutu kapena ya kumbuyo. Mwezi wa Malichi ndikudutsa pa mlatho wa Likangala, mtsinje utadzaza mpaka kukokolola nthochi za anthu, ndinamva kuti ngwee pansi pa madzi, ndinati ameneyo ndi tiki, ndinavula jekete n'kulikoleka pa mlatho, n'kudumphira m'madzi nthawi ya tiyi wa m'mawa, n'kumayenda pansi pa mtsinje kulowera kumtunda, maso ali psuu koma khutu lili tcheru, apa tiki, apa sikisi wa tambala, apa sheleni ya chimanga, zonse ndikuziika m'masaya chifukwa matumba anali pa mlatho, mpaka ndinakumana ndi nkhanu yaikulu ngati beseni itapana sheleni, yosafuna kusiya, tinakambirana mwa manja mpaka inalola kusinthana ndi batani la malaya anga. Ndinavuuka ana asukulu akuweruka. Mukumva? Amayi amene ankachapa pamenepo anathawa n'kusiya sopo, ndipo mpaka lero amati mu Likangala muli mvuu yovala buluku.

Musaseke, Che Mussa, za Likangalazo n'zazing'ono. Mu Juni, kukuzizira, ndinakwera phiri wapansi, ndipo ogulitsa mabulosi kumtunda kuja anandiuza kuti kalekale mzungu wina anaponya ndalama ya masheleni awiri m'Dzenje la Chingwe kuti amve kuya kwake, n'kukhala pamphepete kudikira kuti ilire, anadikira mpaka anapuma pa ntchito, n'kubwerera kwawo, n'kukafera konko osaimva. Ine ndinagona chafufumimba n'kuika khutu pakamwa pa dzenjelo, ndipo ndikulumbira pali malemu amayi anga, ndalamayo inali ikugwabe. Ndinadzaza miyala m'matumba a jekete kuti ndiziyenda msanga kuiposa, n'kukolekera ambulera kumsana, n'kudziponya, ndikutsika, ndikutsika, ndinapitirira chipewa cha wapolisi wa kale, ndinapitirira kamera ya mlendo, ndinapitirira mbuzi imene inagweramo ili ndi bere n'kuberekera m'njira moti ana ake anali atamera kale nyanga, kenako ndinaiona ikung'anima patsogolo panga, n'kuiwakha ndi dzanja lamanzere ngati ntchentche. Pobwerera ndinangotaya miyala ija n'kutambasula ambulera, mphepo ya pansi n'kundikankha mpaka kunja. Ndalamayo inali itagwa zaka zambiri moti mfumukazi ya pamenepo inali itachita makwinya.

Pofika mwezi wa Okutobala chitini chinali chitayamba kulemera, koma mtima wanga sunali m'malo. Matiki ndinali nawo, masheleni ndinali nawo, koma kobidi lobowola linali limodzi lomwe lija, ndipo amenewo ndi amene ndinkawafuna kwambiri. Ndinafunsa m'misika, ndinafunsa azimayi amene ankamangirira ana makobidi m'chiuno, onse ankati anataya kalekale.

Ndiye tsiku lina make Eneresi anandituma kuti ndikwere padenga ndikasese masamba a mango mvula isanayambe. Ndinakwera mong'ung'udza. Ndikusesa choncho, tsache linagunda mutu wa msomali, ndipo khutu langa linamva kuti ngwee. Ndinagwada n'kupala dzimbiri ndi chikhadabo. Abale anga, njovu ziwiri! Msomali wotsatira, njovu ziwiri! Paja pansi pa mutu wa msomali wa malata amaikapo kachitsulo kobowola kamene akalipentala amati washala, kuti lata lisavuke. Apongozi anga aja, munthu wochenjera ngati ameneyo sindinamuonepo, anaona kuti washala wa kusitolo ndi wodula kuposa kobidi, ndiye anangotenga makobidi enieniwo n'kukhomera denga lonse. Zaka makumi anayi ndakhala ndikugona pansi pa chuma, anthu n'kumanditcha mkamwini wosauka.

Munthu wina akanauza mkazi wake. Ine ndinadziwa yankho lake ndisanafunse, ndiye ndinadikira Lachinayi, tsiku limene amavala zoyera n'kupita ku Mvano. Akangokhota pa mpanda wa aneba, ine makwerero pakhoma, hamala m'manja, kuzula msomali, kuchotsa kobidi, kubwezera msomali pamalo pake bwinobwino. Ndinaona ndithu kuti mabowo a malatawo anali atakula ndi dzimbiri moti mitu ya misomali inkangolowa ngati phazi la mwana mu nsapato ya bambo ake, koma ndinati lata ndi lolemera, lipita kuti? Malachinayi asanu ndinagwira ntchito imeneyi, ndipo chitini chinadzaza mpaka chivindikiro kumakana kutseka.

Lachinayi lachisanu ndi chimodzi, mu Novembala, kunatsala mzere umodzi wokha wa kutsogolo. Kunatentha kuyambira m'mawa, ndipo cha m'ma thuu koloko phiri linada bii. Ndinaliona, koma ndinati nditsirize kaye. Ndikuzula msomali womaliza, chitini ndachipana m'khwapa, mphepo inatsika m'phiri ikulira ngati lole yopanda mabuleki, denga linapuma kamodzi, kawiri, kachitatu linanyamuka lonse lathunthu, ine ndili pamwamba.

Mukumva? Wina akanakomoka, koma ine ndinakhala pansi bwinobwino, n'kugwira nsonga ya lata ngati chiwongolero cha njinga, ndinadutsa pamwamba pa Mbedza yonse agalu akuuwa kumwamba, ndinadutsa ku Masongola ana a sekondale n'kutuluka m'makalasi aphunzitsi awo ali patsogolo, ndinakhotera kumsika kumene mthunzi wanga unachititsa ogulitsa usipa kuyamba kulongedza poyesa kuti kwada, ndinadutsa pa mzikiti n'kuchotsa chipewa mwaulemu, akabaza akundithamangira pansi kufunsa ngati ndikufuna wonditengera katundu, kenako mphepo inandikweza phiri, nsonga za mitengo ya paini zikundikanda kumapazi kudzera m'mabowo a misomali, pa damu ndinatsika pang'ono n'kutunga madzi ndi chipewa chifukwa kukhosi kunali kutauma, nyani wina anadumphira pa lata lakumbuyo n'kukwera ulere mpaka ku Dzenje la Chingwe kumene anatsika osathokoza n'komwe. Ndikanafuna ndikanapitirira mpaka ku Chilwa. Ndinabwerera chifukwa ndinakumbukira kuti ndasiya zovala za make Eneresi pa chingwe.

Alamu anga a Wyson, mchimwene wawo wa mayi a kwathu, amene ndi kalipentala, amauza anthu kuti denga linangogwera m'nthochi za aneba, ine n'kugwera pa khola la abakha. Iwowo analipo? Anafika mvula itakata. Za abakha n'zoona, ndi pamene ndinatera, ndipo phewa ili linathyokera pomwepo, koma munthu amatera pamene wathera ulendo.

Chimene sindingakonze ndi chimene ndinapeza nditadzikoka kufika pakhomo. Make Eneresi anali ataima pakati pa zipupa zinayi zopanda denga, bulauzi yoyera ya Mvano itamatirira pathupi, madzi akuyenda m'miyendo mwawo. Matumba a chimanga chathu cha chaka chonse anali atanyowa, matiresi akuyandama, Baibulo la malemu bambo awo litatupa ngati buledi. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Analowa kuchipinda, n'kutenga sutikesi yanga ya nthawi ya umesenjala, n'kuiika pakhomo.

Anati, "Bambo ake Eneresi, denga ili anakhoma bambo anga, ndipo silinadonthezepo mwana wanga ndi mmodzi yemwe. Inu mwalimaliza Malachinayi asanu ndi limodzi. Minibasi ya ku Phalombe imanyamuka m'mawa."

Ndinachita mantha, sindikubisa. Ine amene ndinadziponya m'Dzenje la Chingwe osaphethira, ndinaopa sutikesi. Ku Phalombeko ndikafikira kwa yani? Amene ankandidziwa onse ali kumanda, ndipo munthu wa zaka zanga kubwezedwa ku ukamwini ndi sutikesi imodzi ndi chitini cha mabisiketi, ana a m'mudzi angandiimbe nyimbo mpaka kufa.

Anandipulumutsa ndi a Wyson omwewo, ngakhale amandinyoza. Anayang'ana malata m'nthochi muja n'kunena kuti ambiri akhoza kuwongoka, koma misomali yopanda mawashala ndi ntchito yachabe, ndiye anafunsa kuti akale aja ali kuti. Iwo ndi make Eneresi, onse awiri, anayang'ana m'khwapa mwanga. Che Mussa, ndakhalapo pa maliro ambiri, koma sindinamvepo chisoni ngati chimene ndinamva popereka chitini chija. Make Eneresi anachilandira, n'kukankha sutikesi ndi phazi kuibwezera m'nyumba.

Masiku atatu a Wyson ali padenga, ine ndili pansi dzanja lili m'nsalu, ndikumva kobidi lililonse likulira pansi pa hamala. Makobidi ena anali atatayikira m'ulendo muja, n'chifukwa chake anthu a ku Likangala amati tsiku limenelo kunagwa mvula ya ndalama, ndiye atapelewera a Wyson anatenga chobowolera n'kuyamba kubowola masheleni anga. Sheleni ya nkhanu ija anaibowola. Ya ku Dzenje la Chingwe, imene inagwa zaka zonsezo osakhudza pansi, anaibowola pamphuno penipeni pa mfumukazi, ndipo pano ili pakona ya kumbali ya khitchini. Ndinalira, ndipo amene akufuna kuseka aseke.

Ndiye mukandifunsa kuti chaka chatha bwanji, ine ndikuti chatha bwino kwambiri. Anzanga a kunja aja ndalama zawo amazitsekera m'mabuku, amaziona okha. Zanga zili poyera, aliyense wodutsa pa ndege akhoza kuziona, ndipo mu Zomba muno ndine ndekha amene ndimagona m'nyumba yofoleredwa ndi ndalama. Mvula ikamagwa ndimagona chagada n'kumazitchula imodziimodzi ndi khutu, iyo ndi sikisi, iyo ndi sheleni, ndipo mpaka lero sipanadonthe.

Mwati mukufuna kuona ngakhale imodzi? Yatsala imodzi, kobidi loyamba lija la mayi wa nthochi. Make Eneresi analimangirira ku kiyi wa nyumba, ndipo kiyiyo amayenda naye okha. Makwerero anawaza nkhuni, hamala anapatsa a Wyson, ndipo Lachinayi lililonse amandiperekeza mpaka pamsewu asanapite ku Mvano, aneba atauzidwa kuti akandiona pafupi ndi mpanda aimbe foni. Inunso Che Mussa musanamizire kusoka, ndikudziwa kuti anakuuzani kuti muzindisunga pakhonde pano mpaka iwo aweruke. Yatsani makina anuwo, koma muziyang'ana kumsewuko. Mukaona mayi wovala zoyera akubwera mundiuze msanga, nditsike, paja anandiletsa kukwera chilichonse, asandipeze ndakwera pa sitepe yapamwambayi.