Mmene ndinabatizira chitseko cha motoka

Mukaona motoka yoyera ikuyenda m'Kabwe muno windo lakumbuyo litamatidwa pulasitiki, musandiimitse kuti mundipepese. Si akuba anachita zimenezo. Ndinachita ndekha, masana dzuwa likuswa mtengo, kwinaku ndikuimba nyimbo.

Zinayamba minibasi ya ku Bwacha itandigunda chammbali pafupi ndi msika. Palibe anavulala, koma chitseko chakumbuyo, mbali imene ndimamangirira kampando ka mwana wanga Taonga, chinapindika ngati chitini. Bambo a Taonga, amene amagwira ntchito kumigodi ku Solwezi, anandilimbitsa mtima pafoni kuti a inshuwaransi akonza. Anakonzadi. Motoka inachoka kugalaji ikunyezimira, ine n'kumati atiikira chitseko chatsopano.

Ndikuitsuka m'mawa mwake, ndinapeza chipeso m'kathumba ka chitsekocho, tsitsi la imvi lili momwemo. (Kwathu kulibe wa imvi, ngakhale ine ndatsala pang'ono.) Ndinaimbira a inshuwaransi kuwafunsa ngati chitsekocho chinali chakale. Anayankha ndi mtsikana wa mawu ozizira, amene ndikukhulupirira kuti sanaberekepo.

"Ee madamu, timagula ku motoka zimene zinachita ngozi. Koma chikali bwino maningi."

"Ngozi yotani?"

"Aa, izo sitifunsa."

"Munafa munthu?"

"Madamu, ife timaona chabe chitseko."

Nkhaniyi ikanathera pomwepo ndikanatseka pakamwa. Koma ndinauza apongozi anga, amene anabwera kuchokera ku Petauke kudzandithandiza kulera. Anaika pansi kapu ya tiyi pang'onopang'ono.

"Amake Taonga, kwathu ngakhale malaya a malemu sitingovala. Inu mwatenga chitseko chathunthu n'kutsamiritsapo mdzukulu wanga?"

"Amama, chitsulo ndi chitsulo," ndinayankha ndi mawu a munthu wa satifiketi ya kukoleji.

Satifiketi ija inandiperekeza mpaka pamsewu wa ku Ngungu basi. Nditangogwera m'dzenje loyamba ndinamva: go, go, go. M'kati mwa chitseko. Ndinazimitsa wailesi. Go, go. Ndinayang'ana pagalasi, ndipo Taonga anali atatembenukira kuchitsekoko, akuseka. Mwana amene amalira akaona amalume ake enieni, ankasekera ndani?

Ndinasamutsira kampando mbali inayo. Apongozi anangoti, "Mzimu wadutsa m'ngozi, ndiye ungalephere kudutsa mpando?" Ndipo analamula kuti mdzukulu wawo sakweranso motokayo. Tsiku la sikelo ndinabereka mwana kumbuyo n'kukapanikizana m'minibasi, mtundu womwewo wa minibasi umene unandigunda, bambo wina akutsokomolera pamutu pa Taonga, motoka yanga ili phee pamthunzi wa mango. Ndinabwerera kunyumba nditatsimikiza mtima kuti zimenezi zitha.

Mnzanga wa kukwaya anandigawira kabotolo ka madzi odalitsidwa. Apongozi anati ndi ochepa, choncho tinawawonjezera m'beseni, iwo n'kuthiramo mchere wodzaza dzanja. Ndinawaza chitseko kunja ndi m'kati, n'kuzungulira nayo motoka pakomboni kuti ndimve. Go, go, go.

"Inu mukusambitsa nyumba, mwini wake ali kuchipinda," anatero apongozi.

Apa ndi pamene ndikanaima. (Ndimadziwa kuti m'chitseko muli mawaya. Ndimadziwa!) Koma ndinaganiza za sikelo ya mwezi wamawa ndi bambo wa chifuwa uja. Ndinatsitsa windo mpaka pansi, n'kupendeketsa beseni pampata wolowera galasi. Madzi onse analowa, apongozi akutsogolera nyimbo, ine ndikuvomera, aneba atatsamira pampanda. Nditatha ndinadina batani kuti windo likwere. Linakwera pang'ono, linabuula, kenako kautsi kanatuluka ndi fungo la waya wopsa.

"Watuluka!" anafuula apongozi akuomba m'manja.

Windo silinakwerenso. Madzulo ake mvula inagwa.

Kugalaji, makanika anatsegula chitseko n'kutolamo kabawuti kamene iye mwini anaiwala kumanga. Ndiko kankagogoda. Anakaponya m'thumba osapepesa n'komwe, kenako anakhudza mota yokweza windo, nanyambita chala.

"Ba mami, uyu ni mchere. Munayenda nayo kunyanja motoka?"

Ndinati sindikudziwa. Mwatsoka, apongozi anali pambali panga ndipo anafotokoza zonse monyadira, mpaka nyimbo imene tinaimba. Amakanika anzake anasiya ntchito kudzamvetsera.

Ndinaimbiranso mtsikana wa inshuwaransi uja n'kumufotokozera za madzi odalitsidwa aja. Ndinamuuza kuti akanandiuza poyamba kuti andiikira chitseko cha eni, kapena akanangochotsamo chipeso, zonsezi sizikanachitika. Ndinakweza mawu, ndinatchula ufulu wanga, ndinatsala pang'ono kulira. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Pepani madamu. Ngozi timakonza. Ubatizo suli m'pangano."

Bambo a Taonga nditawauza pafoni, ndinangomva akuitana anzawo kuti ndibwereze.

Chabwino chimodzi n'chakuti apongozi anaona utsi ndi maso awo, ndipo Taonga anabwerera m'motoka. Amakonda phokoso la pulasitiki ikamakupiza. Makanika anandipezera mota ina, ndipo atayamba kunena kuti yachokera m'motoka imene inagubuduka pamsewu wa ku Kapiri, ndinatseka makutu. Mpaka lero ili pashelefu yake, amandiimbira kuti ndipite akaiike, ine ndimangoti mawa. Mundimvetse: chitseko chija n'chobatizidwa, mota iyi ayi. Ndipo ndinaona kale zimene ubatizo umachita ndi mota.