Batani Limene Esitere Sanadine

Amene akuona ngati ndikunama adzuke pompano akakhale uko kwa ogulitsa nzimbe, chifukwa ine Gelesomu Mbewe sindinabwere pa siteji ino kudzapempha munthu kuti andikhulupirire. Iwe wa kabaza wavala chipewa chofiirawe, ndakuona ukumwetulira. Seka m'bale wanga, mano ndi ako. Koma foni uli nayo m'thumbayo ikamakuonetsa thumba la mbewu likuvina n'kumakuuza kuti dina apa, udziwe kuti amene anayambitsa zimenezo kuno ku Nsaru ndi nkhalamba ili pamaso pakoyi. Ndikulumbira pali malemu akazi anga NaBanda, ndipo munthu satchula dzina la akazi ake pa nkhani yabodza pamanda pawo pasanamere ndi udzu womwe.

Ine ndinayamba ndi penti ndi burashi. Magolosale onse kuyambira ku Namitete mpaka ku Kasiya amene ali ndi dzina pakhoma, dzanja lake ndi ili mukulionali. Ndinajambulapo chambo pakhoma la lesitilanti ina ku Mpingu, amphaka a m'dera lonselo anabwera kudzakanda khomalo mpaka nyumba inagwa, ndipo mwini wake pomanga ina anandiitananso koma anati ulendo uno ndijambule kabichi. Kenaka kunabwera makompyuta. Anzanga a penti anachita mantha n'kuthawira ku fodya, koma ine ndinagula yanga, yakale, yolira ngati chigayo, ndinaiika m'kachipinda kuseri kwa msika, n'kuiyang'ana m'maso osaphethira mpaka inayamba kundiopa, moti ndikangokhosomola inkayaka yokha. Ndinazindikira msanga kuti khoma ndi chinthu chogontha, ukalilemba limangokhala duu, pamene galasi la foni, sikirini ija, ukaikhudza imakuyankha. Ndiye ndinati basi, kuyambira lero malonda anga azikhala oyankha.

Oyamba anali a mbewu ya chimanga. Munthu akadina batani chimanga chinkamera pa sikirini, akadinanso chinkamasula, akadinanso chinkakhwima n'kuuma, ndipo ndinachijambula mwaluso moti anankafumbwe analowa m'mafoni a anthu a kwa Kabudula, manambala onse n'kufumbwa, mpaka lero kuli anthu kumeneko amene foni akaigwedeza imatuluka ufa. Mukumva? Ndinapanganso a mankhwala a chitopa, ndinaikapo tambala woti ukamukhudza pamutu alire, ndiye tsiku limene anthu anayamba kumukhudza atambala onse a m'boma lino anayankha dzuwa lili paliwombo, alimi amene anali atangoweruka kumunda ananyamulanso makasu, ana a sukulu anakafolanso pamzere, ndipo tsiku limenelo linacha kawiri, kafunseni aphunzitsi akale. Mabatani anga ndinkawapanga aakulu, oti chala cha mlimi chomata utomoni wa fodya chisaphonye. Ena anali aakulu kuposa foni yeniyeniyo, munthu ankachita kudina ndi chigongono.

Koma zonsezo kunali kusewera. Ntchito yeniyeni ndaigwira chaka chino, NaBanda atatisiya, ndipo apa ndipempha kuti museke pang'onopang'ono.

Inu mukudziwa mmene timakhalira kuno. Ine ndine mkamwini. Ndinafika pamudzi wa akazi anga tsitsi lili lakuda bii, ndinamanga nyumba ya njerwa zootcha, ndinadzala mango ndi mapapaya, ndakumba nawo manda a anthu awo ambirimbiri mpaka msanawu unapindika, koma dothi limene nyumbayo yakhalapo si langa ndipo silinakhalepo langa. Titameta maliro, alamu anga aFilimoni, mlongo wake wa malemu, amene ndiwo mwini mbumba, anandiitanira pakhonde. Anayankhula mwaulemu, sindingawanamizire. Anati, "Alamu, tikakolola tidzakusudzulani kuti mupite kwanu mukapume. Pokhapokha Esitere atabwera n'kudzanena yekha pamaso pa abale kuti bambo ake akhale pa iye, chifukwa nyumbayi ndi mundawu tsopano ndi zake."

Esitere ndiye mwana wanga yekhayo amene anakula. Ali ku Joni, kumapeto kwenikweni uko ku Kepi, amaluka anthu tsitsi. Pamaliro a mayi ake sanabwere chifukwa mapepala ake sali bwino, analirira pa foni. Ndipo kwathu kumene alamu ankanenako, kuseri kwa Nambuma, kulibe kwathu. Abale anga anatha, amene alipo ndi ana osandidziwa, ndipo pamene panali nyumba ya mayi anga pano wina analimapo mtedza.

Mufunsa kuti bwanji sindinangomuimbira mwanayo. Iwe wa chipewa, ukadzakula udzamvetsa. Bambo amene anabereka mwana, n'kumunyamula paphewa kupita naye ku chipatala, n'kumuphunzitsa kugwira pensulo, sangatsegule pakamwa pake n'kunena kuti mwanawe siya ntchito ubwere udzandipemphere pogona. Mawu amenewo amatsamwa ngati mbatata yodya popanda madzi. Ndiye ndinaganiza kuti, ine amene ndinagulitsa maambulera mwezi wa Okutobala mpaka mitambo inachita manyazi n'kubwera, ndilephere kugulitsa mudzi kwa mwana wobadwira momwemo? Ndinati ndipanga chikwangwani cha pa foni choti aliyense wa kuno amene ali kunja akachiona, miyendo iyambe yokha ulendo mwini wake akuganizabe.

Ndinadzitsekera m'kachipinda kaja, ndipo kompyuta inatentha moti amayi a zitumbuwa ankabwera ndi chiwaya kudzakazingira pamwamba pake, magetsi atazima ndinaigwira ndi dzanja ili n'kuyakabe ndi mkwiyo wanga wokha, ndipo ndinaikamo njira ya fumbi yochokera pa siteji ino, yoti ukaitsata ndi chala fumbi likukhosomoletse, ukapita kumanja ufike pa mjigo, ukadina mjigowo ulire kwii kwii madzi n'kukunyowetsa m'thumba, ndinaikamo fungo la mvula yoyamba limene ndinachita kukalitchera ndi botolo kudambo, ndinaikamo amayi a kumpingo akuimba popita ku maliro, ndinaikamo khonde lathu ndi mpando wa NaBanda, ndi mtengo wa mango umene Esitere anagwamo ali wamng'ono n'kuguluka dzino, woti ukagwedeza foni mango azigwa. Mukumva, eti? Pansi pa zonsezo ndinaika batani limodzi lokha, lobiriwira, lolembedwa kuti NDIKUBWERA. La kukana sindinaikepo. Ndinauza intaneti kuti ichi uonetse mwana aliyense wa ku Nsaru, kwa Kabudula, ku Namitete ndi midzi yozungulira amene ali kunja, ndipo intaneti inati chabwino bambo.

Nkhope yanga yokha sindinaikemo. Wotsatsa malonda saoneka pa malonda ake, komanso mkamwini ali ndi chiyani pamudzi choti aimirire pambali pake pa chithunzi?

Nditangochitumiza, nsanja ya netiweki ija ili kuseri kwa sukuluyi inawerama ngati nsungwi chifukwa cha kulemera, ndipo anthu anayamba kudina, mabasi ochokera ku Joni anadzaza mpaka ena anakhala pa magalasi oonera kumbuyo, mabasi ena anabwera chobwerera m'mbuyo njira yonse chifukwa analibe nthawi yotembenuka, mkulu wina amene anapita ku migodi kalekale, amene anthu anamulira n'kumuiwala, anafika ndi sutikesi ya chitsulo n'kupeza mdzukulu wake atalowa dzina lake, Atumbuka ena a ku Rumphi amene anadina mwangozi anapezeka atsika pano, pano akulima mtedza kwa Chitukula akufunsabe kuti abale awo ndi ati, ng'ombe zimene zinabedwa zaka zapitazo zinabwera kuchokera kumalire zikukoka akuba ake ndi zingwe, njinga yanga imene inasowa pa msika uno inafika yokha pakhomo ikuliza belu, mtsinje wa Bua unaima n'kuyamba kubwerera kumene umachokera, ndipo fodya amene tinatumiza ku okushoni anabwerera yense m'mabelo ake, ngakhale ameneyo sindingadzitame naye kwambiri chifukwa amabwerera ngakhale popanda ine. Mitengo ya kumanda inayamba kugwedezeka popanda mphepo, akuluakulu a mpingo anachita kubwera kudzandipempha kuti nditsitseko mphamvu. Sindinatsitse msanga, ndikuuzeni zoona, chifukwa mumtima ndinkati mwina NaBanda nawonso abwera. Koma kumene ali kuja netiweki sifika.

Ine tsiku ndi tsiku ndinali pano pa siteji, malaya ositasita, kuyang'ana aliyense wotsika. Ana a anzanga ankatsika ndi zikwama zamizeremizere, amayi awo akuimba nthungululu, abambo awo akundigwira dzanja mpaka linatupa, ndipo nkhuku zimene ndinalandira zothokoza zinali zambiri moti zina zinkagona pa mawaya a magetsi. Ndinabweza ana a mudzi wonse, anyamata, koma wanga osatsika.

Ndipo chopweteka n'chakuti makina amenewa samabisa. Amakuonetsa amene waona, pamene wakhudza, ndi pamene wadina. Ndinaona kuti Esitere wachiona. Anachiona m'mawa, anachionanso masana, mawa lake chimodzimodzi. Anatsata njira ya fumbi, anamwa madzi pa mjigo, anasisita mtengo wa mango mpaka makungwa a mtengo weniweniwo kumudzi kuno anasupuka, ndinaona ndi maso angawa. Pa mpando wa mayi ake chala chake chinkakhala nthawi yaitali osasuntha. Koma batani lobiriwira lija sanalikhudze. Ndinalikuza. Ndinalikuzanso mpaka linadzaza sikirini, linasefukira m'mbali mwa foni, linatayikira m'misewu ya ku Kepi, anthu ankapunthwa nalo popita ku ntchito, magalimoto ankachita kulizungulira, koma chala cha mwana wanga chinkalilambalala ngati munthu wovala nsapato zatsopano akafika pa chithaphwi.

Chimanga chinauma, anthu anasanja mikukwe, ngolo zinayamba kututa. Ine ndinkadya osamva kukoma. Ngolo iliyonse yodutsa pakhomo inkandiwawa mumtima, chifukwa ndinkadziwa kuti ikadzadutsa yomaliza nane ndidutsa. Ndinali ndi mantha, ine Gelesomu, mantha enieni a nkhalamba yosadziwa kumene idzafere.

Ndiye Lamulungu lapitali titangotuluka m'tchalitchi, foni inalira. Anali iyeyo.

"Ababa, chinthu chija mwapanga ndinu, eti? Ndadziwira mtengo wa mango. Ndalira ine, ababa. Anzanga onse kuno achiona, akuti bambo ako ali ndi luso. Kodi ndi a mabasi anakutumani?"

Ndinati eya, ndi a mabasi.

"Ine ndikanadina, koma mukudziwa mmene zilili. Ndikatuluka kuno sindidzalowanso, ntchito ithera pomwepo. Mwina chaka cha mawa zikalongosoka. Nanga kumudziko kuli bwanji? Atsibweni akukusungani bwino?"

Mukumva, anyamata? Mwana wafunsa yekha. Khomo linali lotsegula, kunangotsala kulowa. AFilimoni anali ataima chapafupi, chipewa m'manja, akuyang'ana pansi, ndipo ndikudziwa kuti nawonso ankafuna kuti ndinene, chifukwa si munthu woipa, mwambo sanaupange ndi iwo. Koma ine amene ndinabweza mtsinje, amene ndinachititsa tsiku kucha kawiri, ndinamva mawu a mwana wanga akunjenjemera poopa kutaya kantchito kake. Ndinati, "Tili bwino, mwanangu. Akundisunga bwino kwambiri. Iwe gwira ntchito."

Dzulo anandisudzula. Mwambo unayenda bwino, palibe amene anandinyoza. Anandipatsa khasu langa, kompyuta yanga ndi bulangete, amayi a pamudzipo anandikazingira mtedza wa panjira, ndipo aFilimoni anandiperekeza mpaka pamsewu akupukuta m'maso. Kiyi wa nyumba ndinawasiyira kuti asungire mwini wake.

Ndiye pasapezeke munthu pano wonena kuti chikwangwani changa chinalephera. Sichinalephere. Mwana analira, mwamva nokha, ndipo malonda oliza munthu ali kutsidya kwa malire onsewo palibe wina anapangapo chilengedwere dziko, ndipo sadzapezeka. Sindinachizimitse, chikuyendabe, ndipo tsiku lina adzadina, adzatsika pa siteji pomwe pano, ndipo oyamba kumuona mudzakhala inu a kabaza. Mudzamudziwa, ndi wamtali, ali ndi mpata kumano. Mudzamunyamule bwino, osamuthamangitsa m'mabampu, mukamufikitse pakhomo pa mayi ake. Akadzafunsa kuti bambo ali kuti, musadzatchule za Nambuma. Mudzamuuze kuti anabwera anthu ndi ndege kudzawatenga, akukonza chikwangwani chachikulu kudziko lakutali kumene mafoni sagwira, ndipo akudya bwino. Adzakhulupirira. Mwana ameneyo chibadwire sanandigwirepo bodza.